Odwala psoriasis aziyezedwanso magazi ndi BP, kilimu yekha sakukwanira

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yanu ndilankhuleko za matenda apakhungu otchedwa psoriasis, makamaka mbali ya magazi ndi mtima. Mukamalemba za BP, shuga ndi sitiroko mumatchula mchere, mafuta, fodya ndi kunenepa, zomwe ndi zoona ndithu, koma pali kagulu ka anthu komwe sikalowa nawo mnkhanizo pomwe chiopsezo chawo ndi chokulirapo kuposa mmene eni akewo akudziwira. Ine ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala china, magazi ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, komanso achimwene anga akhala ndi psoriasis kuyambira ali mnyamata, ndiye nkhaniyi ndimaionera mbali zonse ziwiri.

Kwa amene simukuwadziwa, awa ndi matenda aja khungu limachita zigamba zokhuthala zamamba, kawirikawiri pazigongono, mmawondo, mmutu ndi kumsana chakumunsi, ena mpaka zikhadabo zimachita timaenje nkumanyenyeka. Pazithunzi za mmabuku akunja zigambazo zimaoneka zofiira, koma pakhungu lathu lakudali zimakhala zotuwa kapena zodera ngati zapepo, mamba ake oyererako, ndipo zikapola pamatsala banga kwa miyezi. Khungu labwinobwino limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe koma pa psoriasis maselo amachulukana mmasiku 3 mpaka 5 basi, nchifukwa chake amaunjikana nkumayoyoka. Si chipere, si mphere, si khate, sapatsirana olo mutagona mphasa imodzi, komanso palibe anamulodza munthuyo. Gwero lake ndi chitetezo cha mthupi chomwe chayamba kulimbana ndi thupi lomwelo, ndipo mmabanja ena zimayenda mmagazi. Bungwe la WHO linavomereza mu 2014 kuti awa ndi matenda aakulu osapatsirana, ndipo lipoti lawo la 2016 linati anthu osachepera 100 miliyoni ali nawo padziko lonse. Tsiku lowakumbukira ndi 29 Okotobala koma kuno kwathu limangodutsa mwakachetechete.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi kabuku ka kuchipatala ka achimwene angawo. Mukakatsegula, peji ndi peji ndi mankhwala opaka okhaokha, betamethasone, salicylic acid, coal tar, vaselini, kenako betamethasone, zaka ndi zaka zikupita, koma simupezamo nambala ya BP olo pamodzi, sikelo ayi, shuga ayi. Munthu amalowa mchipinda, amapinda malaya kuonetsa zigongono, amalemberedwa kilimu nkutuluka, mzere kunja ndi wautali ndiye sindikuwada madokotala, ndimadziwa mmene ntchito imachulukira. BP yawo inadzadziwika atapita kukachotsa dzino, adokotala a mano atayeza anakana kuzula nkuwauza kuti ayambe akaonana ndi a mbali ya BP. Ali ndi zaka za mma 40 pamenepo, sasuta, mowa ndi wapatalipatali. Nanga likanakhala kuti dzinolo silinawawe?

Anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito zachipatala, amaona ngati psoriasis imathera pomwe diso likuonera. Chomwe chimachitika ndi choti maselo a chitetezo otchedwa T cells amatulutsa timankhwala tomwe timayambitsa kutupa, monga TNF-alpha, IL-17, IL-23 ndi IL-6, ndipo timeneti sitikhala pakhungu pokha, timalowa mmagazi nkumazungulira thupi lonse usiku ndi usana kwa zaka zambiri. Tikafika mmitsempha timavulaza kachikopa kosalala ka mkati mwa mtsempha, ndiye mafuta oipa aja a LDL amalowerera mosavuta pakhoma la mtsemphawo, maselo oyera amabwera kudzawameza nkuunjikana pompo, pamakhala chotupa cha mafuta chomwe chimapanikiza njira ya magazi, ndipo tsiku lomwe chotupacho chaphulika magazi amaundana nkutseka njira. Zikachitikira ku mtima ndi heart attack, zikachitikira ku ubongo ndi sitiroko ija timangoti munthu wafa ziwalo. Kutupa komweku kumapangitsanso kuti insulin, yemwe amatsitsa shuga mmagazi, asamagwire bwino ntchito, nchifukwa chake shuga, kunenepa pamimba, mafuta mchiwindi ndi BP zimakonda kuyendera limodzi ndi psoriasis. Zili ngati moto wa pa utuchi, pamwamba mumangoona phulusa koma pansi ukunyeka pang'onopang'ono.

Izi si zongoganizira ayi. Mu 2006 dokotala wa khungu Joel Gelfand wa ku University of Pennsylvania ndi anzake anaunika mbiri za odwala ambirimbiri a ku Britain, ndipo anapeza kuti munthu wa zaka 30 yemwe ali ndi psoriasis yaikulu anali ndi chiopsezo cha heart attack pafupifupi katatu kuyerekeza ndi mnzake wa msinkhu womwewo wopanda matendawa, pomwe kwa wa zaka 60 kusiyanako kunali kochepa, kuchulukitsa ndi pafupifupi 1.4 basi. Pamenepa pamafunika kumvetsa bwino kuti tisaopsezane, munthu wa zaka 30 chiopsezo chake chimakhala chochepa kale ndiye katatu sikutanthauza kuti mawa agwa, koma uthenga wake ndi woti kwa anthuwa mitsempha imayamba kukalamba msanga, pa msinkhu womwe palibe amaganiza zowayeza. Kenako gulu la Nehal Mehta ku National Institutes of Health ku America linajambula mitsempha ya odwala psoriasis ndi makina a PET-CT nkuona kutupa mkati mwa mitsempha ikuluikulu, ndipo amene khungu lawo linali loipa kwambiri ndi omwenso mitsempha yawo inali yotupa kwambiri. Pofika 2018 malangizo a American Heart Association ndi American College of Cardiology okhudza kolesitero anaika psoriasis pa mndandanda wa zinthu zokweza chiopsezo cha matenda a mtima, ndipo mu 2019 madokotala a khungu a ku America analangiza kuti kwa amene zigamba zakuta gawo 10 pa 100 la thupi, kapena amene akufunika mapiritsi ndi majakisoni, chiopsezo cha matenda a mtima chomwe dokotala wawerengera achichulukitse ndi 1.5. Kuyeza gawo limenelo sikufuna makina, chikhatho chimodzi cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo 1 pa 100, ndiye zigamba zikakwana zikhatho 10 munthuyo walowa mgulu limeneli.

Tsopano ndibwere kwathu ku labu, chifukwa masiku ano anthu akumabwera ndi foni mmanja atawerenga pa intaneti kuti mundiyeze CRP, ndipo ndikufuna amvetse chomwe akupempha.

CRP ndi puloteni yomwe chiwindi chimapanga chikalandira uthenga kuchokera kwa IL-6 kuti penapake mthupi pali kutupa. Pali CRP wamba yemwe amatithandiza pa matenda a mabakiteriya ndi zotupa zazikulu, ndiye palinso hs-CRP yemwe amatha kuona timilingo tating'ono kwambiri, ameneyu ndiye wa nkhani za mtima. Malangizo a 2003 a CDC, bungwe la zaumoyo la boma la America, ndi American Heart Association amati pansi pa 1 mg/L chiopsezo ndi chochepa, pakati pa 1 ndi 3 ndi chapakati, kupitirira 3 ndi chachikulu, ndipo ikadutsa 10 musaiwerengere za mtima, funafunani matenda ena nkudzayezanso pakatha masabata angapo. Apa mpamene ine ndimadandaula kwambiri chifukwa kuno kwathu zinthu zokweza CRP ndi zambirimbiri. Malungo amaikweza kufika ma 50, ma 100 ngakhale kuposa, TB imaikweza, chibayo, chilonda chamafinya, dzino lowola, HIV yomwe sinagonje bwino ndi ma ARV, ngakhale kunenepa kwenikweniko. Ndiye munthu wamaliza LA dzana, lero wakayezetsa CRP ku labu yolipira, yatuluka 40, usiku onse osagona poganiza kuti mtima uphulika, pomwe nambala imeneyo ikunena za malungo aja basi. hs-CRP imakhala ndi tanthauzo pokhapokha munthu ali bwinobwino, alibe kutentha thupi, ndipo ndi bwino kuyeza kawiri motalikitsa masabata awiri. Komanso mbali inayo, odwala psoriasis ambiri omwe zigamba zawo ndi zochepa CRP yawo imatuluka yabwinobwino, izi sizitanthauza kuti BP ndi kolesitero zili bwino, CRP siyeza zimenezo.

ESR ndi yachikale ija timaimika magazi mu kachubu nkudikira ola limodzi kuona mmene maselo ofiira atsikira. Ndi yotchipa, imapezeka mzipatala zambiri, imathandiza makamaka mafupa akayamba kuwawa, koma imasokonezeka ndi kuchepa kwa magazi, mimba ndi ukalamba, ndipo kuchepa kwa magazi kuno nkosasowa.

Pali china chomwe chimandisangalatsa chifukwa sichifuna ndalama yoonjezera. Mukatenga full blood count, ija timatenga mu kabotolo ka chivindikiro chapepo, pamatuluka chiwerengero cha mitundu iwiri ya maselo oyera, ma neutrophil ndi ma lymphocyte, mukagawa choyambacho ndi chachiwiricho mumapeza NLR, ndipo kafukufuku wambiri waonetsa kuti NLR imakhala yokwererapo mwa odwala psoriasis, imatsika akalandira mankhwala amphamvu, komanso imayenderana ndi mavuto a mitsempha ya mtima. Koma apanso pali chenjezo lomwe ndi lathulathu. Anthu akuda ambiri a kuno kummwera kwa Sahara tinabadwa ndi mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null, womwe umatiteteza ku malungo a mtundu wa vivax, ndipo anthu otere ma neutrophil awo amakhala otsikirapo mwachibadwa popanda vuto lililonse. Ndiye mukatenga malire a NLR a anthu a ku Ulaya nkuwaika pa munthu wa ku Ntcheu, nambala ikhoza kuoneka yabwino pomwe kwa iyeyo yakwera. Chanzeru ndi kumuyerekeza munthu ndi iye mwini, chaka chatha inali bwanji, pano ili bwanji, ndipo izi zimatheka pokhapokha zotsatira zikulembedwa mkabuku osati kapepala kongotayika mthumba la malaya.

Uric acid, yomwe ndi zinyalala za mmagazi zomwe impso zimachotsa, nayo imakonda kukwera pa psoriasis, mwa zina chifukwa maselo a khungu akupangidwa ndi kufa mothamanga, ndipo ikachuluka imabweretsa gout, kuja chala chachikulu chakuphazi chimatupa usiku moti olo nsalu isakhudze. Izi zimasokoneza chifukwa psoriasis payokha ili ndi nyamakazi yake, yomwe imagwira mpaka pafupifupi odwala 3 mwa 10 aliwonse, zala kutupa zonse, chidendene kuwawa, msana kuuma mmamawa. Amene afika pa nyamakazi imeneyi kutupa kwawo mthupi kumakhala kochuluka ndiye ndi oyenera kuwayang'anira mtima kwambiri. Homocysteine ndi ina yomwe mumaiwerenga mmalipoti, imapezeka mmagazi ndipo imakwera vitamini wa folate akachepa mthupi ndipo mwa odwala psoriasis imapezeka yokwererapo, koma ndinene mosabisa kuti kafukufuku wamkulu monga HOPE-2 ndi NORVIT mu 2006 anaonetsa kuti kuitsitsa ndi mavitamini a B sikunachepetse heart attack, ndiye ine sindingamuuze munthu wa malipiro a boma kuti awononge ndalama zake pa tesiti imeneyi. Chimodzimodzi IL-6, TNF-alpha, GlycA ndi zina zotero, ndi zofunika kwa ofufuza, koma wodwala wa ku Machinjiri sizimusinthira mankhwala omwe alandire mawa.

Zomwe zimasintha moyo wa munthu ndi zomwe timazipeputsa zija. BP, ngati ikupezeka 140/90 kapena kuposa pamaulendo osiyana ndiye kuti yakwera. Shuga wa mmamawa munthu asanadye, akafika 7.0 mmol/L kapena kuposa mobwereza ndi matenda a shuga, kapena HbA1c, tesiti yoonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ya 6.5 kupita mtsogolo, ngakhale HbA1c imanamiza mwa amene ali ndi sickle cell kapena magazi ochepa kwambiri ndiye kwa otere shuga wa mmamawa ndiye wodalirika. Kenako mafuta a mmagazi, LDL, HDL yomwe ndi mafuta abwino, ndi ma triglyceride, chifukwa pa psoriasis kawirikawiri ma triglyceride amakwera HDL nkutsika, ndipo HDL yomwe ilipoyo sigwiranso bwino ntchito yake yochotsa mafuta mmitsempha. Creatinine ya impso ndi ma enzyme a chiwindi. Ndi tepi ya telala yoyezera mchiuno, abambo kupitirira masentimita 102, amayi kupitirira 88, pamenepo chiopsezo chakula. Kupatula mafuta a mmagazi omwe ma reagent ake, kutanthauza mankhwala oyezera mu labu, amavuta mzipatala zambiri za boma, zinazi ndi zinthu zomwe chipatala cha boma lililonse chingakwanitse, makina a BP ndi kamakina ka shuga kobaya pachala zilipo kale, kungoti zili kuchipinda china ndipo wodwala khungu sadutsako.

Tisaiwalenso kuti a Malawi tikuyambira kale pamalo oipa. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri mwa iwo osadziwa nkomwe, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga. Ndiye pamwamba pa zimenezo muonjezerepo kutupa kwa psoriasis kwa zaka 20.

Funso lomwe achimwene anandifunsa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri angafunse, ndi loti kodi ndikachiza khunguli ndiye kuti mtima watetezeka? Yankho lake ndi lapakatikati ndipo ndi bwino anthu alimve mmene lilili. Mu 2017 kafukufuku wa CANTOS wotsogoleredwa ndi Paul Ridker, wa anthu oposa 10,000 omwe anadwalapo heart attack ndipo hs-CRP yawo inali yokwera, anaonetsa kuti jakisoni wa canakinumab yemwe amachepetsa kutupa osakhudza kolesitero anachepetsa mavuto a mtima ndi pafupifupi 15 pa 100, apa mpamene dziko linatsimikiza kuti kutupa pakokha kumawononga mitsempha. Koma Ridker yemweyo atayesa methotrexate wa mlingo wochepa mu kafukufuku wa CIRT, pa anthu pafupifupi 4,800 odwala mtima omwe analinso ndi shuga kapena zizindikiro zoyandikira shuga, sanachepetse heart attack ndipo olo CRP sinatsike. Anthu a mu CIRT sanasankhidwe chifukwa cha psoriasis ayi, koma phunziro lilipo, loti si mankhwala aliwonse ochepetsa kutupa omwe amateteza mtima. Gulu la Mehta mu 2019 linaona kuti odwala psoriasis omwe analandira majakisoni a makono otchedwa ma biologic kwa chaka chimodzi zotupa za mmitsempha yawo ya mtima zinachepako, zomwe ndi zolimbikitsa, koma anali kafukufuku wongotsatira anthu ochepa, komanso majakisoni amenewo mtengo wake ndi wosafikirika kwa ambirife. Ndiye khungu lichizidwe ndithu chifukwa munthu akuvutika nalo, koma BP ichizidwe payokha, shuga payekha, ndipo amene akuyenera statin, mankhwala otsitsa kolesitero, apatsidwe, osadikira kuti zigamba zithe kaye.

Mankhwala enieniwo a psoriasis ndi chifukwa chinanso choyezera magazi. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata, ndibwereze, kamodzi pa sabata osati tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid pa tsiku lina, ndipo amafuna full blood count, chiwindi ndi impso ziziyezedwa pafupipafupi, mowa ayi, mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga mimba ayi. Ndipo pali ngozi ina yomwe kuno kwathu ili pafupi kwambiri, methotrexate sayenderana ndi bactrim, ziwirizi zikakumana zimatha kugwetsa maselo onse a mmagazi mpaka munthu kumwalira, pomwe bactrim ndi mankhwala omwe anzathu ambiri a ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, komanso ena amangogula pa famase akamva chifuwa kapena mmimba. Aliyense wa methotrexate azinena kwa dokotala aliyense ndi wa famase aliyense asanalandire mankhwala ena. Ciclosporin amakweza BP ndi kulemetsa impso, acitretin amakweza ma triglyceride ndipo ndi woopsa kwa mwana wosabadwa. Kumbali inayo mankhwala ena a BP monga propranolol ndi atenolol amatha kuipitsa psoriasis mwa anthu ena, chimodzimodzi chloroquine ndi lithium, ndiye wa mbali ya BP akuyenera kudziwa kuti munthuyu ali ndi psoriasis kuti asankhe bwino, koma wodwala asasiye yekha mankhwala a mtima chifukwa wawerenga kalata yanga, akakambirane ndi adokotala. Ndiye pali ma bulufeni, diclofenac ndi indosidi omwe anthu a nyamakazi amameza ngati chakudya, amenewa amakweza BP ndi kuwononga impso mwakachetechete.

Zinanso zomwe zimandiwawa mtima ndi ma steroid a pamsika. Munthu watopa ndi kuyabwa, watopa ndi kuvala malaya a manja aatali mu Okotobala dzuwa likuswa mtengo, watopa ndi kukutumula mamba pabedi mmawa uliwonse anthu asanaone, wometa tsitsi akumuyang'ana monyansidwa nkumapukuta makina kawirikawiri pamaso pake, ndiye wina akamuuza kuti kuli jakisoni kapena mapiritsi a prednisolone omwe amayeretsa khungu msabata imodzi amathamangira. Khungu limayeradi, koma shuga amakwera, BP imakwera, nkhope imatupa, ndipo akangosiya matenda amabwerera mwaukali, ena thupi lonse limafiira nkutuluka timafinya mpaka kugonekedwa. Ma kilimu amphamvu oyeretsa khungu aja nawonso ambiri ali ndi ma steroid, mukamapaka thupi lonse kwa miyezi amalowa mmagazi.

Za HIV ndinenepo mosamala chifukwa kusalana kulipo kale. Kukhala ndi psoriasis sikutanthauza kuti munthu ali ndi kachilombo, ambiri alibe. Koma psoriasis ikabuka mwadzidzidzi mwa munthu wamkulu nkufalikira mwamphamvu, kapena ikukana mankhwala, kuyezetsa HIV ndi chinthu choyenera, chifukwa chitetezo chikatsika matendawa amatha kulusa, ndipo ma ARV akayamba kugwira khungu limasintha kwambiri. HIV nayo payokha imabweretsa kutupa mmitsempha ngakhale munthu akumwa mankhwala bwino, moti kafukufuku wa REPRIEVE mu 2023 anapeza kuti statin wotchedwa pitavastatin anachepetsa mavuto aakulu a mtima ndi pafupifupi 35 pa 100 mwa anthu omwe ali ndi HIV omwe chiopsezo chawo chimaoneka chochepa kapena chapakati. Munthu yemwe ali ndi zonse ziwiri, HIV ndi psoriasis, sakuyenera kutuluka mchipatala osayezedwa BP.

Kwa odwala psoriasis ndi achibale awo, mukapita kukatenga kilimu pemphani mwaulemu kuti akuyezeni BP ndipo nambalayo ilembedwe mkabuku, shuga olo kamodzi pachaka, mafuta a mmagazi ngati mwayi ulipo. Nenani ngati zala zikutupa kapena msana ukuuma mmamawa, nenani ngati kwanu alipo anagwa ndi sitiroko kapena mtima ali wamng'ono. Fodya amaipitsa psoriasis ndi mitsempha nthawi imodzi, mowa wambiri nawonso, ndipo kwa onenepa kafukufuku waonetsa kuti kuchepetsako thupi kumachepetsanso zigamba. Kuwawa pachifuwa kotsikira kudzanja kapena kunsagwada, kupuma movutikira mukangoyenda pang'ono, pakamwa kupotoka, dzanja kufooka, kulankhula mosamveka, zimenezo ndi za chipatala nthawi yomweyo osadikira kuche.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi akuluakulu a zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu komanso zipatala za mmaboma, chomwe ndikupempha sichikufuna bajeti yaikulu. Ku Neno, unduna pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaonetsa kuti ndi zotheka kuika odwala HIV, BP, shuga, khunyu ndi mphumu pa kiliniki imodzi, munthu wobwera ndi vuto limodzi nkuyezedwanso zinazo. Maganizo omwewo afike ku kiliniki ya khungu. Pakhale makina a BP, sikelo ndi tepi pakhomo pa chipinda cha khungu, wodwala psoriasis aliyense ayezedwe asanalowe, shuga kamodzi pachaka, ndipo amene zigamba zake zakwana zikhatho 10 kapena ali ndi nyamakazi atumizidwe ku kiliniki ya matenda osapatsirana ndi kalata yolembedwa bwino kuti psoriasis. Ma clinical officer athu a khungu, ena mwa iwo anaphunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi mdziko la Tanzania, nkhaniyi akuidziwa, chomwe akusowa ndi zipangizo ndi munthu wowathandiza kuyeza. Ife a mu labu tipatsidwe ma reagent a mafuta a mmagazi, creatinine ndi chiwindi mosadukiza, chifukwa kulembera munthu methotrexate pomwe makina a full blood count angokhala opanda ma reagent ndi kumuika pangozi. Ndipo inu a Mkonzi, pa 29 Okotobala pakubwerapa tumizani mtolankhani wanu ku kiliniki ya khungu akacheze ndi odwala ndi madokotala awo, akafunsenso kuti ndi angati mwa odwalawo omwe anayezedwapo BP chaka chino.

Wogwira ntchito mu labu,
Blantyre